Pitikoti Inachotsedwa Ntchito

Amayi a msinkhu wanga tikakumana pa chinkhoswe kapena pa maliro, nkhani ya kavalidwe ka atsikana siichedwa kubuka, ndipo mlandu wa pitikoti umagamulidwa msanga. Akuti ana a masiku ano manyazi alibe, akuti anamkungwi anasiya kulangiza, akuti ndi mafilimu. Ine pagulu sinditsutsa, poti ambiri mwa oyankhulawo ndi makasitomala anga. Koma ndasoka zovala za akazi kuchokera m'zaka za m'ma 1970, ndipo zimene ndinaona pa makina anga n'zosiyana. Pitikoti inali pa ntchito. Inkatchinjiriza diresi ku thukuta, inkatseka kuwala kuti miyendo isaonekere, inkasalaza zonse zamkati kuti nsalu yapamwamba igwe bwino pathupi. Ntchito zimenezi inalandidwa imodziimodzi, ku Ulaya ndi ku America poyamba, kuno patapita zaka pafupifupi 20, ndipo olandawo anali mafakitale a nsalu, makina ochapira, mabelo a kaunjika, ndi ife atelala.

Atelala a m'makonde a masitolo ku Limbe masiku amenewo pafupifupi onse anali amuna. Mayi ankatha kuwasiyira nsalu ya diresi, atatenga diresi lakale kuti likhale muyeso, koma kutchula chovala chamkati pamaso pa bambo wachilendo, pakhonde podutsa anthu, sizikanatheka. Motero ntchito ya mapitikoti inkabwera kwa ife amene tinali ndi makina a Singer opukusa ndi dzanja kunyumba. Munthu ankafika, mucheze za mvula, za ana, za mtengo wa chimanga, kenako potsazika, ali kale pakhomo, n'kutsitsa mawu: "Achemwali, mundisokereko kamkati kaja." Panali yoyambira m'mapewa, ya tizingwe tiwiri, ndi ya m'chiuno, ya lasitiki. Kumunsi tinkazunguliza lesi wogula pa yadi kwa amwenye. Ambiri ankafuna yoyera kapena yakuda, ndipo wofuna yapinki ankanena monong'ona kwambiri.

Chovalachi si cha makolo athu. Agogo ovala chilundu ndi biriwita analibe nacho ntchito, chifukwa nsalu yokulunga imadzitchinga yokha. Pitikoti inabwera pambuyo pa diresi, ndipo diresi linalowera ku mishoni, ku Livingstonia kuyambira 1875 ndi ku Blantyre kuyambira 1876, kumene akazi a amishoni ankaphunzitsa atsikana singano ndi ulusi. Pambuyo pake linabweranso m'masutikesi a amuna ochokera ku Joni ndi ku Salisbury. Ndiye ofuna kumvetsa imfa ya pitikoti ayenera kuyamba ndi kwawo kumene inabadwira.

Kumeneko chiyambi chake ndi kuvuta kwa kuchapa. Kwa zaka mazana ambiri zovala zapamwamba za ku Ulaya zinali za ubweya wa nkhosa, za olemera zinali za silika, ndipo nsalu zoterezi sizinkaviikidwa m'madzi wambawamba. Zinkangokutumulidwa ndi burashi n'kuziyanika pamphepo. Chimene chinkachapidwa ndi bafuta wovala mkati, woti utha kumuwiritsa mumphika, kumumenya pamwala, osadandaula. Nsalu inali chuma. Diresi limodzi labwino munthu ankalivala zaka, n'kulisiyira mng'ono wake, ndipo nzeru yake inali yoti chotsika mtengo chikhale pakati pa khungu ndi chodula. Kuwonjezera apo nyumba zawo zinali zozizira, ndipo pitikoti ya ubweya inkagwiranso ntchito ya bulangete.

M'zaka za m'ma 1840 fashoni inafuna masiketi otambalala, ndipo njira yokha yowatukumulira inali kusanjikiza mapitikoti, wina pamwamba pa mnzake, ena olimbitsidwa ndi ubweya wa kumchira kwa hatchi. Katundu yenseyo ankalendewera m'chiuno mwa munthu mmodzi. Mu 1856 mkulu wina wa ku Paris, R. C. Milliet, analembetsa ku boma luso lake la mphete zachitsulo zopyapyala zolumikizidwa ndi timalamba, zimene zinatchuka ndi dzina loti crinoline. Kuiona ili yokha, imakhala ngati dengu lija timavundikira nalo anapiye. Akazi anailandira ndi manja awiri chifukwa inali yopepuka ndipo miyendo inkayenda momasuka mkati. Mafakitale monga a W. S. Thomson anaipanga yambirimbiri, mtengo unatsika, mpaka antchito a m'nyumba ndi atsikana a m'mafakitale anayamba kuivala, zomwe zinakwiyitsa mabwana awo.

Koma inali ndi ngozi yake. Siketi yotambalala chotero mwini wake sadziwa pamene yathera, ndipo nyumba za nthawiyo zinkawala ndi makandulo, n'kumafunda ndi moto wa pambaula yosatseka. Nsalu ikangokhudza lawi, mpweya wa mkati mwa mphetezo unkakolezera motowo. Mu 1871 ku Ireland, Emily ndi Mary, alongo ake a mlembi Oscar Wilde obadwa kwa mayi wina, anafa ndi mabala a moto diresi la mmodzi litayaka paphwando, winayo n'kupsa pofuna kupulumutsa m'bale wake. Pa 8 December 1863 tchalitchi cha La Compañía mumzinda wa Santiago ku Chile chinapsa chili chodzaza, ndipo anthu oposa 2,000 anafa, ambiri mwa iwo akazi. Masiketi otukumukawo anathandiza kutseka makomo pamene anthu ankakankhana pothawa. Amene amati zovala zakale zinali zaulemu ndi zanzeru zokhazokha azikumbukirako izi.

Pitikoti imene ife tikuidziwa, yowongoka, yoterera, ya lesi kumunsi, ndi mwana wa m'zaka za m'ma 1920. Paul Poiret anali atayamba kale kusoka madiresi osafinya m'chiuno nkhondo yoyamba yapadziko lonse isanabuke, ndipo nkhondoyo inalowetsa akazi m'mafakitale a zida ndi m'maofesi, kumene mtolo wa nsalu m'chiuno unali chopinga. Nkhondo itatha madiresi anawongoka, anafupika mpaka m'mawondo, nsalu zake zinapyapyala. Mulu uja wa zamkati unasanduka kansalu kamodzi. Olemera ankavala ka silika. Ena onse anapulumukira pa silika wopangidwa kuchokera ku mitengo, amene mu 1924 anapatsidwa dzina loti rayon, wonyezimira bwino koma wofooka akanyowa.

Apa mundilole ndichedwepo, chifukwa ndi pamene telala amagwira pakamwa. Mayi wina wa ku Paris, Madeleine Vionnet, anatchukitsa kudula nsalu mopingasa. Nsalu yolukidwa ili ndi ulusi woyenda m'litali ndi wina woyenda m'lifupi, ndipo mukaikoka motsata ulusiwo siitamuka. Koma igwireni pangodya ziwiri zoyang'anana n'kukoka: imatamuka, imapindika, imatsata thupi popanda mabatani kapena zipi. Diresi lodulidwa chotero limaulula chilichonse chili pansi pake, ngakhale mfundo ya ulusi, ndiye linkafuna pitikoti yodulidwa mopingasa momwemo. Kudula kumeneku kumadya nsalu yambiri ndipo kumafuna kuleza mtima. Ukatha kulumikiza uyenera kupachika chovalacho chigone usiku wonse chisanapindidwe kumunsi, apo ayi mawa lake mbali ina idzakhala itatsika kuposa inzake. Mapitikoti abwino kwambiri amene ndinagwirapo, obwera m'mabelo zaka zambiri pambuyo pake, anali odulidwa motero, misoko yake yobisika mkati mwa inzake moti panalibe ulusi wokanda khungu. Luso lonselo linkathera pa chovala choti mwina munthu mmodzi yekha ndiye adzachione.

Kenako kunabwera nayiloni. Wallace Carothers ndi anzake ku kampani ya DuPont ku Wilmington, m'boma la Delaware, anaipanga koyamba mu 1935, ndipo pa 15 May 1940 masokosi a akazi a nayiloni anayamba kugulitsidwa m'dziko lonse la America, anthu akuchita kulimbirana. Sizinakhalitse. M'nthawi ya nkhondo yachiwiri silika wa ku Japan anasiya kubwera, ndipo America italowa nkhondoyo nayiloni yonse inapita kukapanga maparachuti ndi zingwe za asilikali. Itabwerera kwa anthu wamba pambuyo pa 1945, mafakitale monga Vanity Fair anayamba kuiluka kukhala nsalu yofewa ya zovala zamkati. Inali yolimba, yosakwinyika, ukachapa madzulo m'mawa yauma, ndipo siinkafuna kusita.

Kusafuna kusitako kuno kunali ndi mbali ziwiri. Nsimbi ya makala ndi nayiloni sizionana: kungogunda pang'ono, pabooka chibowo cha m'mbali mouma ngati pulasitiki, ndipo ndinalandirapo zambiri zoti ndizigambe. Komanso tonse tinakula tikudziwa kuti chovala choyanika panja chiyenera kusitidwa kuopa mphutsi zolowa pakhungu. Mwayi wake, mwambo unkaletsa kale kuyanika zamkati poyera. Pitikoti inkauma kuchipinda, pachingwe cha kuseri kwa chitseko, kapena panja koma itafunditsidwa chitenje. Vuto lina linali kutentha. Mwezi wa October, m'basi yopita ku Chikwawa, pitikoti ya nayiloni inali chilango, ndipo amene anaivalapo sangakane.

Zaka za m'ma 1950 ndiye inali nthawi ya ufumu wake. Pa 12 February 1947 Christian Dior anaonetsa ku Paris madiresi othina m'chiuno, otambalala kumunsi, odya nsalu yochuluka zedi, pa nthawi imene ku Britain zovala zinali zikugulidwabe ndi makuponi, dongosolo lomwe linayamba mu 1941 n'kutha mu 1949. Ena anakwiya ndi kuwononga nsaluko, koma akazi anatsata. Siketi yotero imafuna chotukumula, ndipo panabwera mapitikoti a neti osanjikiza, amene atsikana a ku England ankawaviika m'madzi a shuga kuti aume gwa. Masiketi ena a nthawi yomweyo anali owongoka, othina, ndipo awa ankafuna pitikoti yoterera kuti asakwere poyenda. Mkati mwake munali zambiri zoti zibisike: lamba wotakata wofinya mimba, ndi timapini tokolera masokosi m'ntchafu. Pitikoti ndiyo inkasalaza zonsezi. Mkazi wa mumzinda ku America kapena ku Britain akamatuluka m'nyumba popanda pitikoti ankadziona ngati sanamalize kuvala.

A mafilimu anaona kuti chobisika chimakoka maso. Mu 1958 Elizabeth Taylor anaonekera atavala pitikoti yoyera mu filimu ya Cat on a Hot Tin Roof, ndipo mu 1960 anabwerezanso mu BUtterfield 8, imene anapata nayo mphoto ya Oscar. Zithunzi zimenezo zikugulitsidwabe mpaka lero. Koma kunja kwa filimu lamulo linali losiyana: pitikoti iyenera kukhalapo, ndipo isaoneke. Lesi akasuzumira kunsi kwa diresi ngakhale pang'ono, unali udindo wa mkazi mnzako kukutsina khutu. Kuno zinali chimodzimodzi. M'tchalitchi, popita kukapereka chopereka, unkangomva wina akukukoka chigongono: "Mayi, takonzani kumbuyoko." Ndimaganiza kuti china chimene anzanga amachisowa akamalira pitikoti ndi mphamvu imeneyi, yoyang'anirana ndi kukonzana, imene mkazi wamkulu anali nayo pa wamng'ono aliyense, ngakhale wosamudziwa.

Kugwa kwake kunayambira kumunsi kwa siketi. Chapakati pa zaka za m'ma 1960, Mary Quant ku London ndi André Courrèges ku Paris anakweza masiketi kufika pakati pa ntchafu. Pansi pa kasiketi kotero pitikoti ilibe pokhala. Mafakitale anayesa kufupikitsa, koma kufupika kwa masiketi kunkasinthasintha chaka ndi chaka, ndipo munthu sakanagula pitikoti ya siketi iliyonse. Timapini ta masokosi natonso tinalibe pobisala. Mwamwayi, mu 1959 Allen Gant wa ku fakitale ya Glen Raven ku North Carolina anali atayamba kugulitsa masokosi olumikizana mpaka m'chiuno, ndipo siketi yaifupi itafika, masokosi amenewa analanda msika. Lamba ndi timapini zitachoka, pitikoti inasowa choti isalaze. Kenako thalauza. Yves Saint Laurent anasokera akazi suti ya thalauza yovala kumaphwando mu 1966, achinyamata anali kale m'majinzi, ndipo pofika m'ma 1970 maofesi ndi masukulu ambiri a kumeneko anali atasiya kuletsa.

Olemba mbiri amakonda kutchula zimene zinachitika ku Atlantic City pa 7 September 1968, pamene akazi otsutsa mpikisano wa Miss America anaponya m'mgolo wa zinyalala zovala zamkati zofinya, nsapato za gogoda ndi zina zimene ankati ndi zida zozunzira akazi. Nkhani inafala yoti anaziwotcha, koma sanawotche kanthu. Sindipeputsa zimene amayiwa anachita. Koma ngati telala, ndimaona kuti chimene chinapweteka pitikoti kwambiri chinali chopanda phokoso. Makina ochapira analowa m'nyumba za anthu wamba. Madiresi a poliyesita ankangoponyedwa m'makinamo n'kutuluka osakwinyika, ndipo diresi lochapika mlungu uliwonse silifuna mlonda woliteteza ku thukuta. Mafuta oletsa fungo la m'khwapa anafala. Nyumba, maofesi ndi magalimoto zinayamba kutenthetsedwa. Ndipo nayiloni ikakhudzana ndi poliyesita zimakangana: pitikoti imakwera yokha m'miyendo, siketi imamatirira, ndipo ukamavula mumdima timoto timathetheka. Chovala chimene chinabwera kudzathandiza diresi kugwa bwino chinayamba kulisokoneza.

Pamwamba pa zonsezi panali mtengo. Kusoka zovala kutasamukira kumafakitale a ku Asia, diresi linatsika mtengo mpaka kukhala chinthu chovala kanthawi n'kutaya. Nzeru yakale ija, yoti chotsika mtengo chiteteze chodula, inatembenuka: pitikoti yabwino inayamba kudula kuposa diresi limene ikuliteteza. Palibe mayi wosamala ndalama amene angachite zimenezo.

Umboni wakuti zinthu zinali zitasintha unaoneka mu September 1980. Mtsikana wa zaka 19, Diana Spencer, ankagwira ntchito pa sukulu ya mkaka ya Young England ku Pimlico mumzinda wa London, ndipo atolankhani anali atanunkhiza kuti ali pa ubwenzi ndi Prince Charles. Anavomera kujambulidwa panja ali ndi ana a pasukulupo. Dzuwa linatulukira kumbuyo kwake, siketi inali yopyapyala, pitikoti munalibe, ndipo chithunzi chimene Arthur Edwards wa nyuzipepala ya The Sun anajambula chinaonetsa miyendo yake yonse ngati mthunzi. Dziko linachita nacho phokoso chithunzicho. Ine chimene ndimaonapo n'chakuti mwana wa banja lolemekezeka la Spencer, woleredwa m'masukulu a mwambo, anadzuka m'mawa kupita kuntchito osaganizako za pitikoti. Amayi ake pa msinkhu womwewo sakanatero.

Nthawi yonseyi kuno pitikoti inali pa ulemerero, ndipo chifukwa chake chinali lamulo. Mu 1973 boma la Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo la kavalidwe, Decency in Dress Act, loletsa akazi kuvala thalauza pagulu ndi siketi yosafika pophimba mawondo. Alendo achikazi ofika pa Chileka kapena pachipata cha m'malire atavala thalauza ankayenera kusintha kapena kumanga chitenje, ndipo amuna a tsitsi lalitali ankakumana ndi lumo. Zinthu ziwiri zimene zinagwetsa pitikoti ku London, siketi yaifupi ndi thalauza, kuno zinali milandu. Makina ochapira anali a anthu owerengeka. Diresi linali lodulabe, logula pa Khirisimasi kapena fodya akagulitsidwa, ndipo linkachapidwa pamwala ndi sopo wa mtanda amene amadya nsalu. Ndiye ntchito zonse za pitikoti zinalipo. Mtsikana wosankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko sankanyamuka popanda mapitikoti m'sutikesi. Aphunzitsi, anamwino ovala zoyera, masekeletale a ku Capital Hill, onse anali makasitomala. Mkwatibwi ankasokeredwa yapadera. Ndinkadziwa kuti January wayandikira poona kuchuluka kwa lasitiki amene ndagula.

Sindinena kuti masiku amenewo anali abwino chifukwa choti malonda anga ankayenda. Mkazi ankatha kuimitsidwa pamsewu ndi mnyamata wa msinkhu wa mwana wake chifukwa cha kutalika kwa siketi, ndipo panalibe kokadandaula.

Lamulolo linachotsedwa m'nyengo ya kusintha kwa ndale, pambuyo pa riferendamu ya pa 14 June 1993. Thalauza silinalowe tsiku limodzi. Oyamba kulivala m'tauni ankakuwizidwa, ndipo kumudzi mpaka lero ambiri amalifunditsa chitenje. Chimene chinathamanga kwambiri ndi kaunjika. Malonda atamasulidwa, mabelo anasefukira m'misika, kuyambira ku Limbe mpaka m'misika ya pamlungu kumidzi, ndipo mtengo wa diresi unagwa monga unagwera ku Ulaya, kungoti kuno zinachitika m'zaka zochepa. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead and Sons, imene inatsegulidwa ku Blantyre mu 1967, inavutika kupikisana nawo mpaka inagulitsidwa mu 2003. Masiketi ambiri a m'mabelo ankabwera ali ndi laining'i wosokerera kale mkati. Mtsikana wogula siketi yotero pa mtengo wa mulu wa tomato sakanapita kwa telala kukalipira kuposa pamenepo kuti amusokere chamkati chimene siketiyo ili nacho kale.

Atelala tinatsata mphepo. Ntchito yathu yaikulu inasanduka masuti a chitenje, a ukwati, a chinkhoswe, a kutchalitchi, ndipo kasitomala aliyense anayamba kufunsa funso limodzi asanafunse mtengo: "Muikamo laining'i?" Tinkaika, ndipo tikuikabe. Kunena zoona pitikoti sinafe yonse. Theka lake tinalisokerera m'kati mwa siketi. Theka linalo linatengedwa ndi kakabudula kothina kotamuka kamene atsikana amavala pansi pa siketi kapena yunifolomu. Kameneka kanatheka chifukwa cha ulusi wotamuka umene Joseph Shivers anapanga ku DuPont komweko mu 1958. Mtsikana wokwera kabaza kapena wothamangira minibasi amatetezeka nako kuposa mmene pitikoti ikanamutetezera, ndipo amene amati ana athu alibe manyazi sanayang'ane bwino chingwe choyanikira zovala pa hositelo ya atsikana.

Kumene nkhani ya manyazi imafika ikasiyidwa m'manja olakwika tinakuona mu January 2012, pamene mavenda ena ku Lilongwe, kenako ku Mzuzu ndi ku Blantyre, anayamba kuvula akazi ovala mathalauza ndi masiketi aafupi, ati pofuna kuteteza chikhalidwe. Anthu odandaula kuti thupi la mkazi likuonekera analivula pakati pa msika. Amayi anasonkhana ku Blantyre kudzudzula zimenezi, ambiri atavala mathalauza dala, ndipo Joyce Banda, amene nthawiyo anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, anali nawo. Mtsogoleri wa dziko mwiniwakeyo, Bingu wa Mutharika, naye ananena poyera kuti akazi ali ndi ufulu wovala zimene akufuna.

Ku Ulaya pitikoti itasowa ntchito mkati inatulukira kunja. M'zaka za m'ma 1990 okonza fashoni anatenga maonekedwe ake enieni, tizingwe ta m'mapewa, nsalu yoterera yodulidwa mopingasa, lesi pachifuwa, n'kuzitcha diresi. Kate Moss anajambulidwa mu 1993 ku London atavala lina loonekera mkati monse. Mu December 1996 Diana yemwe uja anafika kuphwando la ku Metropolitan Museum ku New York atavala diresi la mtundu umenewu, la buluu wakuda ndi lesi wakuda, losokedwa ndi John Galliano wa ku Dior. Mapitikoti akale a nayiloni, amene ana ankawapeza m'madilowa a agogo awo omwalira, ena anapita m'masitolo a zovala zakale kukagulitsidwa ngati madiresi, ena analowa m'mabelo n'kufika kuno. Ndinaonapo mtsikana pa depoti ya mabasi atavala ina yabuluu pamwamba pa sikipa yoyera, ndi nsapato zothamangira. Inamukhala bwino, ndipo sindikhulupirira kuti ankadziwa chimene wavala.

Kumene pitikoti ili ndi ntchito yosalandika, ilipobe ndi mphamvu zake zonse. Ku India akazi ambiri savala sari popanda iyo, chifukwa nsalu yaitaliyo ilibe batani kapena zipi. Imasomekedwa m'chiuno mwa pitikoti, ndipo mapindo onse a kutsogolo amagwidwa ndi iyo. N'chifukwa chake ya sari imakhala yofika m'mapazi, imamangidwa ndi chingwe cholimba m'malo mwa lasitiki, ndipo mtundu wake uyenera kufanana ndi wa sariyo. Amayi achimwenye a ku Limbe amene ndinawasokerapo ankabweretsa sari yeniyeniyo kuti tiyerekeze mtundu pa dzuwa, osati pa nyali.

Kwa ine amene amabwerabe ndi amayi a Mvano ndi a mabungwe ena a mpingo, ndi anamwino achikulire angapo. Nthawi zina pamabwera mtsikana amene wagula diresi la shifoni pa intaneti, lafika, waliyesa pakhomo dzuwa lili kumbuyo, amayi ake n'kukuwa. Ameneyu sadziwa n'komwe dzina la chimene akufuna, amangoti ndimuikire china chake mkati. Ndimamufotokozera kuti laining'i ali ndi vuto limene pitikoti inalibe: ndiye amayamba kung'ambika, pamsoko wa kumbuyo, diresi likadali labwinobwino, ndipo sungamuchape payekha, ndiye diresi lonse limalowa m'madzi chifukwa cha thukuta la tsiku limodzi. Ya m'chiuno imodzi, ya thonje lopepuka, yofanana ndi khungu lake, ingatumikire madiresi ake onse. Ena amavomera. Ambiri amafunsa kusiyana kwa mtengo, amawerengera pa foni, n'kunena kuti ndingoika laining'i.